Mwana Si Munda Wolimbirana

Akristu okondedwa a ku Namitete ndi ku Nambuma, kumbukirani caka ca 2020. Pa 23 March sukulu zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo ana anakhala pakhomo miyezi yambiri. M'mabanja ena opatukana munabuka ndeu: amai ati mwana ngwa mbumba yao, atate ati adze kwao, cikhalireco nthenda iri m'njira.

Pa mlandu wa Mfumu Solomoni, mai weni-weni analola kuti mwana apite kwa mnzace, asaphedwe. Teroni inunso. Mliri ukadzabweranso, ankhoswe ndi atsibweni ayanjanitse makolo: mwana akhale kumene angapulumuke, kholo linalo litumize cimanga ndi sopo, limlankhule pa lamya. Mwana ngwa Mulungu, inu anangokusungitsani.