UTHENGA WA SABATA INO: Mwana Ndiye Atsogolere Ulendo



Werengani Genesis 33:12-14.

Esau anafuna kuti iye ndi Yakobo anyamukire pamodzi. Yakobo anakana mwaulemu, poti ana anali akali aang'ono ndipo ziweto zinali kuyamwitsa. Anasankha kubwera pambuyo pang'onopang'ono, kuti ofooka asavutike.

Mwina inu amayi ndi atate mwapangana zokaoda katundu ku Kariakoo, ku Dar es Salaam, kunyamuka Lachisanu kuti Lolemba mukhale mwabwerako, khanda lili m'manja. Taimani kaye! Pa basi yodzera pa boda ya Nakonde, kupita kokha kumapitirira tsiku lathunthu. Kunyanja kuja kumatentha, udzudzu nawonso ulipo.

Chikhulupiriro sichiletsa nzeru iyayi. Yambirani ku kiliniki mufunse anesi ngati mwana angayende. Akavomera, tengani kadi yake ya kusikelo, pasipoti yake ndi neti, ndipo muzimuyamwitsa pafupipafupi. Akati dikirani, dikirani. Msika suthawa. Mwana ameneyu si uja munasalira kudya pomupempha?

Pemphero: Atate, ndiphunzitseni kusathamangira phindu n'kuiwala dalitso lomwe mwaika m'manja mwanga. M'dzina la Yesu, Ameni!