Kodi Nkhope ya Munthu N'ja Yani?

M'chaka cha 1902 bwalo lalikulu la milandu la ku New York linaweruza mlandu wa mtsikana wina wa ku Rochester, dzina lake Abigail Roberson. Kampani yogulitsa ufa wa tirigu inali itasindikiza nkhope yake pa mapepala 25,000 otsatsira malonda, niwapachika m'masitolo, mwini wake osadziwa kanthu. Mtsikanayo anachita manyazi mpaka kudwala. Koma oweruza 4 mwa 7 anati palibe lamulo lomuteteza. Anthu anaipidwa nacho chiweruzocho, kotero kuti m'chaka cha 1903 aphungu a New York anaika lamulo lakuti wofuna kutsatsa malonda ndi dzina kapena chithunzi cha munthu wamoyo ayambe walandira chilolezo cholembedwa. Kalata imene ojambula amasainitsa anthu inamera pa malamulo otere.

Tsono lamulolo lili ndi malire ake. Wojambulira nyuzipepala sakakamizidwa kupempha kalatayo, ndipo n'zomveka, pakuti akadakakamizidwa, wochita zoipa aliyense akadakana, choonadi chikadabisika.

Koma ife Akhristu funso lathu silithera pa bwalo la milandu. Nkhope si munda kapena mbuzi, komabe ili ndi mwini, ndiye munthu wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Kuitenga ndi kupindula nayo mwiniyo osalola, kodi sikukhudza lamulo lachisanu ndi chiwiri? Ndipo kuiika pambali pa mawu amene iye sananene, kodi si umboni wonama?

Pano ndinene za ife tomwe, ansembe ndi akatekisiti. Tifuna thandizo la ana amasiye kapena la odwala, ndiye tiwajambula ali m'nsanza, titumiza chithunzi kwa abwenzi akunja. Cholinga n'chabwino ndithu. Koma mayi amene akudikira thumba la ufa angamkanire bwanji wogwira thumbalo? Avomera ndi pakamwa, mtima uli kwina. Ngakhale adinde chala pa pepala, kuvomera kwa njala sikuli kwa ufulu. Mwananso adzakula, ndipo chithunzi cholowa pa intaneti sichibwerera.

Chifukwa chake mkatekisiti ayambe wapereka ufawo, ulowe m'nyumba. Pambuyo pake afotokoze kumene chithunzi chidzapita ndi amene adzachiona, apemphe kwa mayiyo kapena kwa woyang'anira mwana. Akati iyayi, kamera ibwerere m'thumba, ndipo mwezi wamawa dzina lawo likhalebe m'kaundula wa olandira.