Kodi Wotumidwa Alibe Mlandu?

Munthu wochokera ku Old Town kunka ku City Centre amaona mbendera za maiko ambiri zili petupetu pa nyumba za akazembe. Kazembe ndiye mthenga wa boma lake. Mau amene anena sali ake ai, ndipo pa mwambo wa makolo mthenga wa mfumu samenyedwa. Nchifukwa chake anthu amati wotumidwa alibe mlandu. Pa bwalo la amfumu mauwo ngoona. Nanga pa bwalo la Mulungu?

Bwana Daniel Patrick Moynihan wa ku America anali Mkatolika wokulira mu umphawi ku New York, kumene pa unyamata wake ankapukuta nsapato za anthu mu mseu. Nzeru zake zinamkweza, nakhala kazembe ku India mu 1973, ndi ku bungwe la United Nations mu 1975. Kuyambira 1977 kufikira 2001 anali phungu wa ku Seneti, nyumba yaikulu ya malamulo ya kwao, natchuka poganizira mabanja osauka.

Tsono mu December 1975 asilikali a Indonesia analowa ndi nkhondo m'dziko laling'ono la East Timor, limene kale linali m'manja mwa Apwitikizi monga Mozambique. Boma la America silinafune kukhumudwitsa Indonesia, bwenzi lake. M'buku lake la mu 1978 Bwana Moynihan anaulula yekha kuti akulu ake anafuna kuti zochita zonse za United Nations pa nkhaniyo zikhale zopanda mphamvu, kuti ntchitoyo anapatsa iye, ndi kuti anaitha bwino. Pa zaka za nkhondoyo anthu oposa 100,000 anafa ndi mfuti, njala ndi matenda.

Iye sanagwire mfuti, ndipo za mumtima mwake aweruze ndi Mulungu yekha. Komatu katekisimu aphunzitsa kuti munthu angathe kugwa m'tchimo la mnzake pakulilamula, pakulivomereza, pakulibisa, ngakhale pakungokhala chete pamene akadatha kuliletsa. Lamulo la akulu lichepetsa mlandu wa wantchito wamantha ndi wosadziwa, koma silifafaniza mlandu wa munthu wophunzira, wodziwa kumene ntchito yake ikunka. Pilato nayenso anali wotumidwa wa Kaisara. Anasamba m'manja, koma dzina lake litchulidwabe m'Kumvera kwa Apostoli Lamulungu lililonse.

Ena adzati: "Anthu abwino onse akatula udindo, mipando idzatsalira oipa." Mauwa sali achabe. Kazembe sangatule ntchito pa kanthu kalikonse kosamkomera. Kumvera akulu ndi khalidwe loyera, ndipo amene akhalabe pampando nthawi zina apulumutsa ambiri. Chovuta ndi kuzindikira malire, pamene kumvera kusanduka kuthandiza choipa.

Malawi nayenso ali ndi mboni pa mlanduwu. Bwana David Rubadiri, mphunzitsi amene anamangidwa ndi atsamunda mu 1959, ndiye anali kazembe woyamba wa dziko lino ku America ndi ku United Nations mu 1964. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda m'chaka chomwecho, iye anaona kuti sangathe kulankhulira boma limene mtima wake sunalivomere, natula udindo mu 1965. Sanapulumutse nako nduna zothawazo, ndipo kwao kunasanduka kosapondeka. Anakhala mlendo m'maiko a eni zaka zambirimbiri, naphunzitsa ku Makerere, ku Nairobi ndi ku Botswana. Mu 1997 boma latsopano linamtumanso ku New York, pa mpando womwe uja anausiya.