Za Mlendo Wosadya Nyama

M'midzi ya ku Mwanza pali mlandu umene usautsa eni nyumba ndi alendo omwe, ndipo tiyenera kuuweruza mofatsa. Munthu wafika pamudzi, mwini nyumba wamphera nkhuku monga mwa mwambo wa makolo, koma ataikira nsima mlendoyo ati, Pepani, ine sindidya nyama. Kodi walakwa ndani, wopha kapena wokana?

Anthu osala nyama sali acilendo kwathu kuno. A mpingo wa Seventh-day Adventist anakhazika misyoni pa Matandani m'caka ca 1908, ku Neno, kumene kunali mbali ya boma la Mwanza kufikira 2003, ndipo ku Thambani ali ndi malo ao ena. Kuyambira 1863 Ellen G. White anawaphunzitsa za kusunga thupi. Mpingo wao uletsa nkhumba, mbewa, ndi nyama zina zimene buku la Levitiko liziyesa zodetsedwa. Koma kusala nyama zonse auyesa uphungu wabwino, si lamulo lolowera mumpingo ai. Cifukwa cace ambiri a iwo adya nkhuku ndi mbuzi, ndi ena asala. Aliponso osala pa zifukwa zina. Ku England anayamba bungwe la osadya nyama m'caka ca 1847, ndipo m'caka ca 1944 Donald Watson ndi anzace anayamba lina, la okana ngakhale mkaka ndi mazira pocitira zifuyo cifundo.

Tiyambe tamva mwini nyumba. Nkhuku ija ndiyo cuma cace. Akadaigulitsa akadapeza sopo ndi mcere ndi makope a ana. Iye adya nkhwani masiku onse, ndipo pakupha nkhuku anena ndi manja ace kuti mlendoyo sali munthu wamba. Tsono pakuona mbale ibwerera yosakhudzidwa, mtima wace uwawa, ayesa kuti mlendo wakana cibale, kapena amganizira kuti wathira mankhwala m'cakudya. Kuwawa kumeneku sitikupeputsa.

Timvenso mlendo. Iye anapangana ndi mtima wace kuti sadzalawa nyama. Akadya cifukwa ca kuopa maso a anthu, wanyenga mwini nyumba, nadzinyenga yekha. Ndipo munthu wozolowera kugonja pa mbale adzagonjanso pa zazikuru. Paulo, polembera Aroma m'mutu wa 14, anacenjeza mbali zonse ziwiri, wakudya ndi wosala, kuti aleke kunyozana ndi kuweruzana.

Ife tiona kuti colakwa sicili m'kupha kapena m'kukana, koma m'zinthu ziwiri zina. Coyamba ndico kukhala cete kwa mlendo. Danieli ndi anzace ku Babulo sanadikire kuti cakudya ca mfumu cifike pamaso pao. Anayamba kupempha mofatsa kwa wowayang'anira kuti awayese masiku 10 ndi zomera ndi madzi. Momwemo wosala nyama anene msanga, pomlonjera pomwe, ana asanayambe kupitikitsa nkhuku. Mau onena nkhuku ili moyo apulumutsa cuma ca mnzace; onena itapsa amcititsa manyazi.

Caciwiri ndico manyazi a mwini nyumba pa ndiwo za m'munda mwace. Anatiphunzitsa ndani kuti masamba ndiwo umphawi? Nkhwani wotendera, cisoso, bonongwe, therere, cigwada, mfutso wa m'cilimwe, bowa wa m'dzinja, nandolo, khobwe ndi nyemba, izi zinalera makolo athu. Nyemba ndi nsinjiro pamodzi ndi nsima zimanga thupi, ndipo manacesi a ku Mwanza, amene apaulendo awagula pa mseu wa ku Zobue, ali ndi mbiri m'dziko lonse. Mai wosinja mtedza, nasankha masamba anthete, natendera bwino, walemekeza mlendo ndi thukuta lace monga wopha nkhuku.

Koma ticenjezenso osala. Amene akana mkaka ndi mazira omwe adziwe kuti vitamini B12 sapezeka m'masamba ndi m'nyemba. Afunse a cipatala, makamaka za ana ndi amai apakati. Ndipo asadzikuze. Wosala nyama ali ndi ndalama m'thumba salingana ndi mai wamasiye wodya therere cifukwa ca kusowa. Mayiyo akapeza usipa wa ana ace, pasakhale wina womlalikira pa mphika wace.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Cifukwa cace, inu alendo, nenani msanga ndi ulemu, ndipo idyani nsima ndi masamba mokhuta, kuti mwini nyumba aone kuti simunakane iye. Inunso eni nyumba, musakakamize munthu kuswa pangano lace, musabise nyama m'msuzi kumyesa nayo. Nkhuku ikatsala ndi moyo, idzaikira ana anu mazira. Ndipo mlendo adzabweranso.