Liwiro Logula ndi Ndalama za Mawa

Galimoto ikamatuluka m'fakitale, amisiri amene anaipanga amakhala atapima kale zonse. Anayeza kuti injini ikhale ya mphamvu zotani, mabuleki akhale otani kuti aimitse mphamvu imeneyo, matayala akule bwanji, ndiponso kuti zonsezi zigwirizane kwa zaka zambiri popanda china kuononga chinzake. Komatu mtima wa munthu sukhutira msanga ndi muyeso wa wina. Choncho m'mizinda yathu, ku Blantyre, ku Lilongwe ngakhalenso ku Mzuzu, tikuona anyamata ndi abambo omwe akupita kwa amakaniko ndi magalimoto abwinobwino, osadwala kanthu, kukapempha kuti awawonjezere mphamvu. Wina afuna mpope wa utsi wobangula, wina afuna matayala otambalala, wina afuna galimoto yake itsitsidwe mpaka mimba ikhale pafupi kukhudza phula, pamene wina wa thumba lozama afuna turbo ndi kusintha malamulo a mu kompyuta ya injini.

Akakhala pansi anthu amenewa, funso limene amakonda kufunsana ndi ili: kodi ndi bwino kudikira mpaka ndalama zikwane m'manja, kapena kungotenga ngongole, zitsulo zimangidwe lero, za kubweza tidzaona mawa? Poliona koyamba funsoli likuoneka ngati la masamu chabe, loyenera akalaliki a ku banki. Koma tikalisenda bwino tipeza kuti m'kati mwake muli funso lina lokhudza chikumbumtima, ndipo limenelo ndi la banja lonse.

Tiyambe tamvetsa chimene chikugulidwacho. Injini imapeza mphamvu potentha petulo kapena dizilo pamodzi ndi mpweya. Turbo, imene mmisiri wa ku Switzerland dzina lake Alfred Büchi anailembetsa m'chaka cha 1905, ndi kachipangizo kamene kamazunguzidwa ndi utsi wotuluka mu injini, ndipo pozungulirapo kamakankhira mpweya wochuluka m'kati. Mpweya ukachuluka, mafuta otenthedwa amachulukanso, mphamvu n'kukwera. Nzeru yake ndi yosiririka ndithu. Koma moto ukakula kutentha kumakulanso, ndipo zitsulo zimene zinapimidwa kuti zisenze katundu wochepa zimayamba kusenza woposa msinkhu wake. Kilatchi imatha msanga, magiya amavutika, oyilo amafuna kusinthidwa pafupipafupi, ndipo mabuleki akale sakwanitsanso ntchito yatsopanoyo. N'chifukwa chake amakaniko oona mtima amachenjeza kuti kusintha chimodzi kumaitana kusintha chinzake. Munthu amene anabwereka ndalama za turbo yokha amadzazindikira mochedwa kuti analipira polowera chabe.

Mkangano wa ndalama zapamanja ndi ngongole ndi wakale pafupifupi ngati galimoto yomwe. Ku America, m'chaka cha 1919, kampani ya General Motors inatsegula nthambi yake yobwereketsa ndalama zogulira magalimoto, yotchedwa GMAC. Henry Ford sanagwirizane nazo. Iye sankakonda kuti munthu akwere chinthu chimene sanathe kulipira, ndipo m'chaka cha 1923 anakhazikitsa njira yakeyake: wofuna galimoto azisungitsa madola 5 sabata ndi sabata, adzatenge galimotoyo ndalama zikakwana. Anthu sanaikonde njirayi. Anathamangira kumene kunali kiyi wa tsiku lomwelo, kotero kuti pofika 1928 kampani ya Ford nayonso inatsegula bungwe lake la ngongole. Tisafulumire kunena kuti Ford yekha ndiye anali ndi nzeru, pakuti ngongole imeneyo inathandiza alimi ndi amalonda ambiri kupeza galimoto yogwirira ntchito asanakalambe. Chimene tikuonapo ife n'chakuti kudikira n'kowawa kwa anthu a mitundu yonse, ndipo amalonda anazindikira kalekale kuti kuwawa kumeneku kungathe kusanduka phindu.

Tsono ngongole zonse sizifanana. Taganizani za mwini minibasi ya Toyota Hiace yoyenda pakati pa Limbe ndi Zomba. Injini yake yatha, matayala aperepeseka. Akabwereka ndalama n'kukonza zimenezi, galimotoyo imabwerera pamsewu, ndipo okwera tsiku ndi tsiku ndiwo amabweza ngongoleyo. Imeneyi ili ngati mbewu yobwereka kwa mnansi nthawi yadzinja: imalowa m'nthaka, imabala, wobwereketsa amalandira zake, wobwereka amatsala ndi chakudya. Nanga mpope wobangula uja udzabala chiyani? Sudzanyamula wokwera ngakhale mmodzi woonjezera. Udzangomwa mafuta ochuluka. Ndipo tsiku logulitsa galimotoyo, ogula ambiri sawerengera zoonjezerazo pamtengo. Ena amachita kuopa, poganiza kuti mwini wake ankaithamangitsa mopanda chifundo. Ndalama zinalowa, koma njira yotulukira palibe.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, popeza masamu sanama. M'mwezi wa February 2024 banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo zawo pamwamba. Tiyerekeze kuti munthu wabwereka K2,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pachaka, kuti abweze m'miyezi 24. Mwezi uliwonse azipereka pafupifupi K112,000, ndipo pomaliza adzakhala atapereka ndalama zoyandikira K2,700,000. Kunena kwina, pafupifupi K700,000 ndi mtengo wa kusadikira. Miyezi 24 imeneyo muli nyengo ziwiri za fetereza, materemu asanu ndi limodzi a sukulu, ndi matenda amene sapempha chilolezo pobwera. Wosayina pepala la ngongole amakhala wagulitsa malipiro a miyezi imene sanaione, asanadziwe chimene miyeziyo idzafune kwa iye.

Komabe tinene chilungamo, pakuti okonda ngongole ali nayo mfundo yawo. Zitsulo zonsezi zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata dola. M'mwezi wa May 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene ankasunga ndalama moleza mtima anadzuka m'mawa wina n'kupeza kuti zimene anasonkhanitsa chaka chathunthu sizikugulanso chinthu chimene ankachiyang'ana. Mnzake amene anabwereka n'kugula msanga anaoneka wochenjera. Izi n'zoona, ndipo sitikuzikana. Koma mfundo imeneyi imangotiuza tsiku labwino logulira chinthu. Siyankha ngati chinthucho chinali choyenera kugulidwa. Kugwa kwa kwacha komweko kunakwezanso mtengo wa sopo, wa fetereza ndi wa petulo amene injini yoonjezeredwa mphamvu ija imamwa mosaleka.

Ndipotu si onse amafika ku banki. Banki imafuna chikole ndi makalata a kuntchito, ndipo imafunsa mafunso. Wofulumira mtima amapita kwa akatapila, kumene K100,000 ya lero ingathe kusanduka K150,000 pakutha pa mwezi umodzi, kumenenso ena amasiya khadi lawo la ku banki ngati chikole, kotero kuti malipiro akalowa woyamba kuwagwira ndi wobwereketsa. Chimene chimatimvetsa chisoni koposa ndi njira ina yachete. Bambo amatuma mayi kuti akabwereke ku banki mkhonde m'dzina lawo. Amayi a m'gululo amakhulupirira kuti ndalamazo zikupita ku geni ya tomato kapena ya mandasi. Tsiku lobweza likafika, amene amakhala pamkeka pamaso pa anzawo, mutu uli pansi, ndi mayi, pamene bambo ali ku tauni kumvetsera kulira kwa injini. Tidziwa za mabanja amene ziwiya za m'nyumba zinanyamulidwa mwa njira yotere.

Mpingo unalimbana ndi nkhani ya chiwongoladzanja kwa zaka mazana ambiri. Thomas Aquinas Woyera, amene anamwalira m'chaka cha 1274, ankaphunzitsa kuti kulipiritsa munthu chifukwa chongomubwereka ndalama n'kosalungama. Pambuyo pake ansembe Achifransisko a ku Italy, poona amphawi akudyeredwa masuku pamutu, anayambitsa nyumba zobwereketsa ndalama mwachifundo, monga ija ya ku Perugia ya m'chaka cha 1462, ndipo msonkhano wa Lateran wachisanu m'chaka cha 1515 unavomereza kuti nyumba zoterezi zizilandira kangachepe koyendetsera ntchito. Mtima womwewo ndiwo uli m'mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama a ma SACCO, amene bungwe lawo lalikulu kuno, MUSCCO, linakhazikitsidwa m'chaka cha 1980. Tione bwino: makolo athu m'chikhulupiriro ankateteza wobwereka chifukwa ankamuona ngati munthu wopanikizika, wofuna chakudya, mbewu kapena chida chogwirira ntchito. Thumba la ngongole yachifundo silozama. Amene atungamo kuti agule phokoso amachepetsa za mnzake wofuna fizi ya mwana.

Apa wina adzati: "Chabwino, ine sindibwereka. Ndalama ndi zanga, ndinakhetsera thukuta, ndilipira pompopompo." Kodi nkhani yatha? Iyayi. Kulipira ndi ndalama zapamanja kuli ndi ubwino wake weniweni. Kudikira kumayesa chilakolako, ndipo zilakolako zambiri zimafa zokha mwezi wachitatu usanakwane. Kuwerenga ndalama ndi zala n'kuzipereka kumapweteka, ndipo kupweteka kumeneko kumadzutsa nzeru. Koma mawu akuti "zanga" m'kamwa mwa munthu wapabanja ndi ofunika kuwayang'anitsitsa. Ndalama zimene zili m'thumba la bambo pa 28 pa mwezi zili kale ndi eni ake ambiri: mwini nyumba, aphunzitsi, agogo kumudzi amene denga lawo likudontha, mlongo wamasiye amene ana ake amatiyang'ana ife monga atsibweni. Munthu angathe kukhala wopanda ngongole ku banki iliyonse koma ali nayo yaikulu kunyumba kwake, yosalembedwa papepala. Mwa ichi, chiyeso chosavuta ndi ichi: kodi mtengo weniweni wa zitsulozo tingautchule pamaso pa akazi athu, osachotserako? Ambiri amatchula theka. Theka lobisikalo likunena zambiri.

Sitikufuna kumveka ngati adani a chisangalalo. Kukonda makina si tchimo. Mnyamata amene amakhala Loweruka lonse pansi pa galimoto, manja ali bii ndi oyilo, kufuna kumvetsa mmene injini imapumira, ali ndi mphatso imene dziko lathu likuisowa. Abale athu obwera kuchokera ku Johannesburg amatisimbira za anyamata a ku Soweto ozunguza BMW zakale zimene amazitcha gusheshe, masewera amene anayambira m'misewu ya m'makomboni koma tsopano amachitikira m'mabwalo otchingidwa, oonerera ali patali. Munthu amene wakwaniritsa udindo wake, wagwirizana ndi banja lake, nasunga pang'onopang'ono kuti akongoletse galimoto yake, sitimuweruza. Wina amaweta nkhunda, wina amagula gitala.

Kungoti nkhunda ndi gitala sizipha munthu. Apa ndi pamene nkhaniyi imasiyana ndi zosangalatsa zina zonse. Bungwe la World Health Organization, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse padziko lonse. Malamulo a chilengedwe ndi ouma mtima: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi yokha, dalaivala asanasunthe n'komwe phazi. Tsono tikumbukire misewu yathu. Msewu wa M1 umadutsa pakati pa misika, pa Lizulu, pa Kampepuza, pa Jenda, pamene amayi amayala mbatata ndi kabichi m'mphepete mwenimweni mwa phula, ana akuwoloka, akabaza akupalasa, mbuzi zikudumpha. Magalimoto athu ambiri anayenda kale zaka zambiri ku Japan asanatsike padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Kuonjezera mphamvu galimoto yotopa, pamsewu wotere, ndi kutenga ngongole ina imene wobweza wake angakhale munthu woyenda pansi amene sanafunsidwe.

Ndipo apa timaona kuipa kwenikweni kwa ndalama zoperewera, kaya zobwereka kaya zapamanja. Ndalama zikachepa, munthu amayamba ndi chimene chimamveka ndi kuoneka. Turbo imamangidwa, mpope umabangula, koma mabuleki ndi matayala abwino amauzidwa kuti adikire mwezi wamawa, chifukwa palibe mnzake amene amaimika galimoto kuti ayamikire mabuleki. Wobwereka ndiye amapanikizika koposa, pakuti ndalama zimene zikanagula matayala atsopano zikupita ku chiwongoladzanja. Ena saulula n'komwe kwa a inshuwalansi kuti galimoto inasinthidwa, poopa kuti mtengo ukwera, osadziwa kuti tsiku la ngozi kampani ingathe kukana kulipira chifukwa cha kubisa komweko. Zikatero galimoto imakhala itagona pa polisi, ngongole ikuyendabe mwezi ndi mwezi, ndipo kubanja la wovulala kukuyembekezeka chipepeso.

Pali makaniko wina wachikulire wa mtundu umene ukusowa masiku ano, amene ambiri a ife tinakumanapo naye m'magalaja a pansi pa mtengo. Mnyamata akabwera kudzafunsa za mphamvu, iye amayamba wagwada n'kuyang'ana matayala, kenaka n'kuponda buleki kawiri katatu. Akapeza kuti zimenezi sizili bwino amatchula mtengo wake poyamba, ndipo za turbo amati akambirana zikatha izi. Anyamata ambiri amachoka atakwiya n'kupita kwa wina wosafunsa mafunso, ndipo mkuluyo amatsala wopanda ntchito ya tsiku limenelo.