Foni ilire, koma wina ayankhe

Makina owotcha khansa sapweteka pamene akugwira ntchito. Wodwala amagona phee kwa mphindi zochepa, n'kudzuka, n'kumapita. Mavuto amadza pambuyo, sabata yachiwiri kapena yachitatu, dokotala ali kutali. Mayi amene akulandira chithandizo cha radiotherapy chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero amayamba kutsekula m'mimba, mkodzo kuwotcha, khungu kunyuka, thupi lonse lefu. Gadiyani wake, mchemwali amene wasiya munda kumudzi, amangomuphikira phala uku akudzifunsa: kodi zimatero, kapena tithamangire kuchipatala?

Mapulogalamu a pafoni othandiza odwala khansa amayankha funso limeneli. Wodwala amanena tsiku ndi tsiku mmene akumvera, ndipo zizindikiro zikakula, uthenga umafika kwa namwino. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitsekocho chiyenera kukhala pafupi. Ku Memorial Sloan Kettering mumzinda wa New York, kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017 anapeza kuti odwala olandira chemotherapy amene ankanena zizindikiro zawo pa intaneti anakhala moyo pafupifupi miyezi isanu kuposa anzawo. Chinawathandiza n'chakuti anamwino ankawerenga mauthengawo n'kuchitapo kanthu msanga.

Pa radiotherapy, kuchitapo kanthu msanga n'kofunika kwambiri. Mayi uja amayenera kupita ku makina masiku asanu pa sabata kwa masabata pafupifupi asanu, ndipo chithandizo chonse chithe pasanadutse masabata 8. Akajomba chifukwa cha m'mimba kapena mantha, khansa imapeza mpata wophukanso.

Kwa zaka zambiri odwala athu ankapita kunja kukafuna makina amenewa. Lero alipo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Komabe pulogalamu yofuna foni yodula, bandulo ya intaneti ndi Chingerezi idzangotumikira ochepa a m'tauni. Njira ina tikuidziwa kale: Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011, chinaonetsa kuti kafoni ka mabatani ndi nambala yaulere zimafika kumudzi, m'chilankhulo chathu.

Choncho inu opanga mapulogalamu ndi inu a Unduna wa Zaumoyo, yambirani pa kafoni kameneko. Ndipo musanayamike pulogalamu iliyonse, lembani ntchito namwino woti aziyankha mayi uja akaimba pakati pa usiku.