Tchimo la kusafuna kudziwa

Mu Disembala 2020, a Mogoeng Mogoeng, omwe panthawiyo anali mkulu wa oweruza milandu ku South Africa, anapemphera pa chipatala cha Tembisa kuti katemera aliyense wa Satana, wodzaika 666 m'matupi mwa anthu, apse ndi moto. Kanema wake anandipeza pa WhatsApp kawiri tsiku limodzi, kuchokera kwa amvano kuno ku Kempton Park ndiponso kwa mayi anga aang'ono ku Ntcheu. Apo n'kuti ndili chaka chachiwiri kusukulu ya unamwino.

Kunena zoona, 666 sinandiopse. Chimene ndinkachithawa ndi kamtengo ka thonje kopisa m'mphuno kaja. Akakupeza nako kachilombo ka korona unkabindikira masiku 10, maola a m'wodi n'kutsalira, chonsecho fizi ankandilipirira achimwene ndi ndalama ya maganyu. Ndiye pakhosi pakayamba kukanda ndinkamwa madzi a mandimu ndi jinja, n'kuvala mamasiki awiri, n'kumati Mulungu andisunga. Mawuwo ndi oona, koma ine ndinkangowafunda ngati bulangete.

Tsiku lina ndikusambitsa agogo ena odwala shuga, mpweya wanga ukuwafika kumaso, anandiuza m'Chizulu kuti manja anga akutentha. Ndinaseka. Usiku tulo sitinabwere. Popemphera timapepesa machimo ochita modziwa ndi ochita mosadziwa, nanga langa linali mbali iti? Sindinkadziwa ngati ndikudwala, inde, koma chitseko cha kudziwako ndinachitseka ndekha, kiyi n'kuika m'thumba la yunifomu. Amene akanalipira si ine, ndi agogowo, omwe sanafunsidwe ngati akufuna kuyesa chikhulupiriro changa ndi mapapo awo. Kutacha ndinakayezetsa. Anati ndilibe. Umenewo unali mwayi chabe, mlandu sunafufutike.

Katemera wa Johnson & Johnson anayamba kuperekedwa kwa azaumoyo pa 17 Febuluwale 2021, m'ndondomeko ya Sisonke, ndipo nthawi yanga itakwana ndinakabayitsa. Mnzanga wa ku Katlehong anakana, ati abusa ake aletsa. Ndinalibe pakamwa pomudzudzulira.

Mayi aang'ono anafewa ataona a Chakwera, abusa enieni, akubayitsa ku Zomba mu Malichi. Anandiimbira usiku.

"Iwe mwanawe, mkonowo sunaume?"

Ndinati sunapweteke n'komwe, pomwe ndinagona masiku awiri ndikunjenjemera.